Msomali Umene Abambo Anakhoma M'batire la Foni

Mwana wanga wamkazi, amene pano akuphunzira za sayansi ku yunivesite, anabwera patchuthi ndi nkhani yoti kunjaku anthu ali kalikiliki kupanga mabatire opanda madzi mkati. Ndinamufunsa kuti madzi ake ati, poti batire la foni silidontha. Anandifotokozera mwachifatse, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani, kuti mkati mwake muli timapepala tiwiri topyapyala tokulungidwa pamodzi, ndipo pakati pake pali timadzi tomwe mphamvu imadutsamo popita uku ndi uko. Timadzito ndi tomwe timayaka ngati petulo batire likavulala. Ndiye akuti akatswiri akufuna kuchotsamo timadzito n'kuikamo chinthu chouma, pulasitiki wosakaniza ndi ufa wonga wa dothi lowotcha, kuti mphamvu izidutsabe koma moto usowe poyambira. Vuto lake, akuti, mphamvuyo imayenda mwaulesi m'chinthu choumacho, ndiye akungosinthasintha kasakanizidwe kake kuti aone komwe kangayende bwino.

"Ndiye kuti ngakhale munthu ataliboola ndi msomali silingayake?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Koma amayi inu! Ndani angaboole batire ndi msomali?"

Mwana ameneyu wakula akuona chipsera pankhope pa agogo ake ndi diso lawo lamanja loyera mbuu, ndipo tonse pabanja tinkamuuza kuti anapsa pozimitsa moto wolusa. Tsiku limene agogo akewo anapsa, iye anali kumsana kwanga, ali mtulo. Sindinathe kumuyankha pamaso, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Abambo anga, kwathu ku Mkanda, anali sing'anga wa mabatire. Sikuti anakaphunzira kwina kwake, ayi. Anali mlimi wa fodya ndi mtedza ngati wina aliyense, koma wailesi yawo sinkagona ndi njala. Nthawi ija ya riferendamu, pomwe aliyense ankafuna kumva kuti dziko ladzuka bwanji, azibambo a m'mudzi ankadzazana pansi pa mango wathu chifukwa mawailesi awo anali atasasa mawu, ya abambo ikulankhulabe. Batire likafooka, ankayamba kuliyanika padenga la malata tsiku lonse. Likakana, ankaligogoda ndi mwala m'mbali monse mpaka lichite makwinya. Likakanabe, ndiye ankatulutsa msomali wawo: kuboola kunsi, kudonthezeramo madzi a mchere ndi kaudzu, n'kumata pabowopo ndi phula la kandulo. Mukaliika mu wailesi, nyimbo yayamba! Ena otheratu ankawandandalika asanu ndi atatu m'chikatoni, kukulunga ndi mphira, mawaya ali lendelende kumbuyo kwa wailesi. Anthu ankachoka midzi yakutali ndi mabatire m'majumbo, ndipo abambo sankalipiritsa. Chawo chinali kutamidwa basi. "Batire silifa," ankatero uku akupukuta msomali pa kabudula, "limangomva ludzu."

Amayi anali atatisiya kalekale, ndiye pakhomo tinali ine, abambo, ndi amuna anga amene anabwera chikamwini. Fodya atavuta zaka ziwiri zotsatizana, amuna angawo ananyamuka wa ku Joni, kundisiya ndi khanda. Chaka chinatha kuli zii. Kenako munthu wina wa matransipoti anatula kwathu kajumbo, mkati muli bulangete, nsapato za mwana zomwe zinali zitachepa kale, ndi foni ya m'manja, kakang'ono kokhala ndi tochi kumutu. M'mudzi mwathu inali foni yachitatu. Netiweki inkapezeka pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pokha, ndipo mphepo ikatembenuka foniyo inkagwira ya ku Zambia, ndiye munthu umayenera kusuntha phazi limodzi kuti ubwerere ku Malawi.

Amuna anga kumeneko analibe foni yawoyawo, ankati akuba anawalanda. Ankaimbira pa mafoni olipira a m'misewu, nambala yake lero ina mawa ina, moti ine sindikanatha kuwaimbira ngakhale zitavuta bwanji. Pangano linali limodzi: Lamulungu lililonse, folo koloko masana, ine ndikhale pachulu foni ili m'manja. Banja langa lonse linali mphindi khumi zocheza pafonizo. Kutchaja ndinkapita Loweruka ku tauni yathu yaing'ono, kwa bambo wina amene anali ndi sola ndi batire la galimoto. Tsiku lina abambo anandiperekeza, ndipo anamupeza bamboyo atatsegula tizivindikiro ta batire la galimotolo akuthiramo madzi. Anandigunda ndi chigongono. "Waona? Ngakhale la galimoto limamwa."

Patatha chaka ndi miyezi, batire la foni linayamba kutupa. Poyamba ndinkayesa maso anga, kenako chivindikiro chakumbuyo chinakana kutseka, ndinachita kumanga ndi mphira wa legeni. Ukatchaja linkaonetsa kuti ladzaza, timizere tonse tili ndandanda, koma munthu akangoimba, mawu awiri atatu, thi! yathima. Ndinawaonetsa abambo. Analitembenuza m'manja, kulinunkhiza, kuligogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu, n'kundibwezera. "Mayi, ili si mtundu wanga. Sindikuona pomwe limamwera. Pezani lina." Mawu amenewo ndikuwalemba dala, chifukwa kwa zaka zambiri anthu a kwathu akhala akunena kuti nkhalamba ija inapsa chifukwa cha matama. Bodza. Abambo anakana koyamba.

Lamulungu loyamba foni inathima amuna anga akufunsa za mwana. Lachiwiri inathima ndisanamalize n'komwe moni. Lachitatu sanapereke moni.

"Iwe, usandiyese chitsiru. Foni imathima ndikangoimba ine? Pali amene ukumuopa pambali pakopo?"

"Aaa, bambo a mwana, ndi batire latupa, ndakuuzani kale…"

"Batire! Anthu akundiuza zambiri kuno. Tamvera. Lamulungu likubwerali ndiyesa komaliza. Ikathimanso ndidziwa pomwe ndaima, ndipo mawu anga sudzawamvanso."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, foni ija thi! Ndinakhala pachulupo kakasi, kenako mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ine? Ine amene ndinkagalauza munda ndekha mwana ali kumsana, m'manja muli matuza okhaokha, ndi amene ndili ndi chibwenzi? Chibwenzi chake khasu? Ndinatukwana mokweza moti azimayi a kwaya amene ankaphunzira nyimbo m'tchalitchi anasiya kuimba. Koma pofika kunyumba mkwiyo unali utasanduka mantha. Munthu uja ndinkamudziwa, akanena wanena. Ndipo ndisabise, ndinkamukonda.

Pamudzi panali mayi wina amene ankapita ku Chipata kukaoda zitenje ndi sopo. Ndinamupatsa ntchito yoti akandigulire batire, ndipo ndinamujambulira kukula kwake papepala. Anabwera Lachisanu dzuwa litapendeka, akumwetulira, n'kutulutsa batire lonyezimira m'kapulasitiki. Abale inu, linali lalitali ndi kachala kamodzi! Tinalitembenuza uku, tinalitembenuza uko, tinalikankha ndi supuni, osalowa. Mayiyo ankangoti, "Wogulitsayo anati mabatire onse ndi amodzi." Ndinangomuyang'ana, chifukwa ndikanalankhula tikanakathera kwa amfumu.

Loweruka ndinalawirira ku tauni. Ndinatchajitsa batire lotupa lija mpaka kudzaza, kenako ndinazungulira magolosale onse kufunsa ngati alipo ali ndi foni yonga yanga woti andibwereke batire kwa tsiku limodzi. Anandiuza za aphunzitsi ena, ndinakapeza atapita kumaliro kwawo ku Dowa. Kuboma n'kutali, ndipo galimoto ya matola ya tsikulo inali itanyamuka kale. Ndinabwerera wapansi, mwana kumsana, dzuwa la Okutobala likuwotcha pamutu ngati ndalilakwira. Ndinapeza abambo ali pampando wawo pansi pa mango akusoka thumba la mtedza.

"Zayenda bwanji, mayi?"

Funso labwinobwino. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga ndimachimvabe mpaka lero.

"Zayenda bwanji chiyani? Mudzi wonse umakutamani kuti mumadzutsa mabatire akufa. A eni ake mumadzutsa, la mwana wanu likufa inu mukuyang'ana! Banja langa likutha mawa, inu muli phee kusoka matumba. Ukatswiri wanuwo ndi wa chiyani?"

Chibadwire ndinali ndisanawalankhule abambo choncho. Ngakhale ineyo ndinadzidzimuka, ndinamva ngati wolankhulayo ndi munthu wina amene waima kumbuyo kwanga. Abambo sanakweze mawu. Anabaya singano pathumba n'kungoti, "Chabwino, mayi." Ine m'malo mogwada kupepesa ndinaponya foni pamphasa, kunyamula ndowa, ulendo wa kumjigo. Kumeneko ndinapeza mzere wautali, ndipo ndinachedwa dala chifukwa cha manyazi.

Pobwerera, ndowa ili pamutu, ndinawaona ndili patali. Anali atasendeza mpando pafupi ndi njerwa ziwiri. Panjerwapo panali batire lija, lomwe ndinamva pambuyo pake kuti anayamba aliyanika pamalata nthawi yonse imene ndinali kumjigo. Pambali panali kachitini ka madzi a mchere, kaudzu, kandulo ndi machesi, zonse mwadongosolo lake monga mwa masiku onse. Anawerama mpaka nkhope kuyandikira, poti maso awo anali atayamba kale kufuna zapafupi, msomali kudzanja lamanzere, hamala kumanja. Ndinaona zonsezi ndipo sindinawaletse. Mumtima ndinati, eya, tsopano ayamba ntchito. Ndinamwetulira n'kumwetulira komwe.

Anagogoda koyamba, palibe chinachitika. Anakonza msomali, n'kugogoda kachiwiri.

Kunamveka kaphokoso ngati tayala la njinga likuphwa, psiii, utsi woyera n'kutumphuka, ndipo ndisanaponde phazi lina, phuu! Lawi la moto linatuluka m'kanthu kaja molunjika kumaso kwa abambo. Sindikunena moto wa machesi kapena wa udzu, ayi. Unali moto wokhala ndi mkokomo, wowala moti masana omwewo ndinaphethira. Abambo anagwa chagada pamodzi ndi mpando, malaya akuyaka pachifuwa, manja ali kumaso. Batire linadumpha panjerwa n'kumazungulira pansi lokha, likulavula moto uku ndi uku ngati chamoyo. Mayo ine! Kanthu kochepa kuposa bokosi la machesi, komwe ndinkagona nako kumutu kwa mphasa, komwe mwana wanga ankakaluma ndikakasiya poyera!

Sindikumbuka kuti ndinathamanga bwanji. Ndimangokumbuka ndikukhuthula ndowa yonse pa abambo, ndi fungo lake, lotsekemera koma lotsamwitsa, losafanana ndi chilichonse chomwe ndinanunkhizapo. Madzi ena anafika pabatire paja, koma linapitiriza kufuka ndi kuthetheka ngati silinamve kanthu. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Ine ndinkangokuwa, "Abambo! Abambo! Anthuni thandizeni!" Ndinawachotsa manja kumaso. Nsidze kunalibe. Khungu la tsaya lamanja linali litasupuka, zikope zitatupa kale, ndipo zala ziwiri zimene zinagwira msomali zinali zoyera ngati zaviikidwa mu ufa.

Mawu awo oyamba anali akuti, "Mwana sanapse?" Nditati ayi, anapuma mwamphamvu n'kunena kuti, "Foni ndinaiika pawindo. Ili bwinobwino, usadandaule."

Ndinalira ngati wamisala. Munthu nkhope ikufuka utsi, akundiuza za foni!

Kanthawi kochepa bwalo linadzaza. Aliyense anali dokotala. Wina akuti tiswerepo mazira, wina akuti mankhwala otsukira mano, wina wathamangira kale kukatapa matope kudambo. Gogo wina anayamba kunong'oneza anzake, koma mokweza kuti ndimve, kuti foni imeneyi mkamwini anaitumiza atatcheramo mankhwala, moto wotero si wachabe. Ameneyo ndinamuthamangitsa ndi chikuni, ndipo sindinapepese mpaka anamwalira. Amene anatithandiza anali aphunzitsi ena opuma ntchito, oyandikana nafe nyumba. Anakalipira onse kuti asapake kanthu, n'kulamula kuti tizingothira madzi oyera kumaso osalekeza. Achimwene anga, amene amakhala kwa akazi awo mudzi wapafupi, anafika ndi njinga. Tinawakhazika abambo pakaliyala atafunda chitenje chonyowa kumutu, achimwene akukankha, ine ndikuwagwirira kumbuyo, mpaka kuchipatala chathu chaching'ono. Kumeneko anangowatsuka, kuwabaya jakisoni, n'kutikweza ambulansi ya kuboma. Mwana ndinamusiyira alamu anga. Koma foni ija, mundikhululukire, ndinaitenga pawindo tisananyamuke, n'kuimanga pamfundo ya chitenje.

M'mawa mwake, Lamulungu, adokotala anabwera kudzaona odwala. Abambo anali atamangidwa mabandeji mutu wonse, kungotsala mphuno, pakamwa ndi makutu. Adokotalawo anali bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, ndipo atawerenga pepala anafunsa kuti chinachitika n'chiyani kwenikweni. Abambo anafotokoza okha, mwatsatanetsatane, kuyambira pamalata mpaka pamsomali.

"Munaliboola? Ndi msomali? Litangotchajidwa kumene?" Adokotala anavula magalasi. "Bambo, thokozani Mulungu kuti tikulankhula nanu."

"Mabatire ndaboola osawerengeka, adokotala. Palibe linandichitapo chipongwe."

"A wailesi amenewo. Mkati mwake muli phala lakuda lozizira, mukhoza kuliboola tsiku lonse. Ili ndi mtundu wina. Mphamvu yoti foni igwiritse ntchito masiku atatu anaipanikiza m'kanthu kakang'ono, ndipo muli timadzi toyaka msanga. Msomali wanu unalumikiza mbali ziwiri zomwe siziyenera kukhudzana, mphamvu yonseyo n'kutuluka nthawi imodzi."

Kenako abambo anafunsa motsitsa mawu, ngati mwana wa sukulu, "Ndiye kuti silinali ndi ludzu?"

"Ayi, bambo. Likatupa ndiye kuti lawonongeka mkati. Lofunika kungolisiya patali."

Adokotala anandikokera pambali n'kundiuza kuti diso lamanja asandinamize, lapita. Lamanzere tidikire masiku angapo, mwina lipulumuka. Ndinkafuna kuwauza kuti si nkhalambayi yolakwa, ndine, ndi pakamwa pangapa, koma iwo anapitirira kwa wodwala wina. Ndipo pano ndinene chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Pakhoma la wodiyo panali wotchi. Ndikuwamwetsa abambo phala ndi supuni, ndikuwapukuta pakamwa, maso anga ankangothawira pawotchipo. Teni koloko. Leveni. Thwelofu. Bambo anga ataya diso chifukwa cha ine, koma mtima wanga unkawerenga maola otsala kuti ikwane folo, foni yopanda batire ili pamfundo ya chitenje. Ndinkadzida, komabe ndinkayang'ana.

Ndinkayesa kuti sakudziwa. Cha m'ma thuu koloko anandiitana.

"Mayi, lero ndi Lamulungu."

"Eya, abambo. Azibusa abwera kudzapemphera nthawi ya alendo."

"Sindikunena za azibusa. Foni unatenga?"

Ndinazengereza, kenako ndinavomera. Ndinayembekezera kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira akanatero. Koma iwo anangoti ndiwaitanire anesi. Pa wodipo panali nesi wina wachitsikana, wa kumpoto, wochedwa kuseka koma wa manja ofewa. Atafika, abambo anatembenuzira mutu wawo wa mabandeji kumene kunkachokera mapazi.

"Mwana wanga, pepani, si za mankhwala. Kodi muli ndi foni? Ndi yamtundu wanji? Mwana wanguyu amuna ake ali ku Joni, ndipo aimba folo koloko. Akapeza foni yothima, banja latha. Batire lake ndi lomwe ndawononga ine dzulo. Ngati lanu lingalowe, tibwerekeni kwa ola limodzi."

Ndinafuna kulowa pansi. Anesiwo anandiyang'ana ine, kuyang'ana abambo, n'kupukusa mutu. "Agogo, inu mwapsa chonchi, mukuganiza za mafoni?" Koma anapisa m'thumba la yunifolomu. Ambuye ndi odabwitsa, foni yawo inali yofanana ndendende ndi yanga, kusiyana mtundu wa chikuto basi. Anatsegula kumbuyo ndi chikhadabo, kutulutsa batire, n'kuliika m'manja mwanga. Linali lafulati, losalala, lozizira. Ndinaligwira ndi nsonga za zala ngati ndagwira nankalizi. Analowetsa okha m'foni mwanga, chivindikiro n'kutseka popanda mphira, ndipo foni inayaka. Netiweki timizere tonse, osafuna chulu. "Ndiweruka sikisi," anatero. "Mundibwezere isanakwane."

Nthawi ya alendo itayamba m'wodi munadzaza phokoso, ena akupemphera, ena akutsegula makontena a chakudya. Bedi la abambo linali pafupi ndi windo, ndipo kunja kwa windolo kunali khonde. Ndinawauza kuti ndikadikirira pamenepo kuti ndikamve bwino. Anati, "Pita, mayi. Ukawauze modekha, usakakalipe." Ndinakhala pansi pakhondepo, msana kutsamira khoma, kutatsala mphindi makumi awiri. Mawu ndinali nditakonza kale. Ndinkati ndiyamba ndi moni, kenako ndiwauza kuti mwamva, foni siikuthima, kenako ndiwauza zomwe apongozi awo achita kuti foniyi isathime. Ndinkafuna amve manyazi. Ndinkafunanso anene kuti akubwera.

Folo inakwana. Ndinaigwira ndi manja awiri. Mphindi zisanu, khumi. Ndinati mwina pamafoni a m'misewu pali mzere. Hafu pasiti folo. Ndinayang'ana timizere ta batire, tonse tilipo, ta netiweki, tonse tilipo. Ndinaisuntha kuchoka dzanja ili kupita ili, ndinaipukuta ndi chitenje, ndinaimirira, ndinakhalanso. Mayi wina wodikirira wodwala anandifunsa ngati ndili bwino, ndinamuyankha mwamwano moti anachoka akung'ung'udza. Faifi koloko. Mlonda anayamba kuuza alendo kuti nthawi yatha, anthu n'kumatuluka ndi madengu awo, pakhonde n'kutsala ine ndekha. Sindinkakhulupirira. Ndinali nditaganizira zonse, kuti atukwana, kuti sakhulupirira, kuti batire la anesi nalonso lithima. Zoti sangaimbe n'komwe sizinandibwererepo m'mutu ngakhale kamodzi.

Panthawiyo sindinkadziwa zomwe ndinadzamva patapita zaka ziwiri kwa munthu wa kwathu wochokera ku Joni, kuti mwamuna wanga uja anali atalowana kale ndi mkazi wina chaka chimenecho chisanayambe, ndipo mayiyo anali woyembekezera. Nkhani ya batire inangomupatsa pothawira. Sanaimbe tsiku limenelo, ndipo sanadzaimbenso. Koma pakhonde paja ine ndinkangodziwa chinthu chimodzi, kuti kuseri kwa khomali kuli nkhalamba yomwe yapereka diso lake chifukwa cha foni imeneyi, ndipo ikudikira kumva kuti zatheka.

Hafu pasiti faifi ndinapukuta nkhope, kukonza mpango, n'kulowa. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyesetsa kuti mawu amveke osangalala.

"Abambo, aimba."

Ndinawakonzera bulangete uku ndikulankhula.

"Tacheza bwinobwino, foni sinathime. Amva za ngoziyi, adandaula kwambiri. Akuti ndikupepesereni. Akuti Khirisimasi ikubwerayi abwera, adzakutengerani magalasi a maso."

Ndinapitiriza kuwonjezera zina, sindikumbukanso kuti zotani, chifukwa chete wawoyo ankandiopsa. Nditatha mawu, anatulutsa dzanja lawo losapsa pansi pa bulangete, n'kufufuza pabedi mpaka linapeza langa. Analigwira mwamphamvu.

"Mayi, adokotala amanga maso okha. Makutu sanamange. Windoli ndinapempha anesi alitsegule iwe utangotuluka, ndipo ndakhala ndikumvetsera kuyambira folo isanakwane. Foni ija sinalire."

Ndinatsetsereka pabedipo mpaka kugwada pasimenti, nkhope kuikwirira m'bulangete lawo. Ndinkati pepani abambo, pepani, ndine ndakupangitsani, ndi pakamwa panga. Abambo anandisiya ndilire mpaka ndinatopa, dzanja lili pamutu panga, kenako anandigwedeza paphewa pang'ono.

"Dzuka tsopano, sikisi yayandikira. Kawabwezere anesi batire lawo. Iwowo ali nawo owaimbira."